GPS ya pa njinga yamoto ikamangozima, yambani mwafufuza apa

Malangizo awa ndi anu abale athu aku Zambia, aku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lusaka, amene munamangirira GPS pa handulo ya njinga yamoto nde ikumangokuzimirani panjira. Ine ndili kuno ku Zomba koma njinga zake ndi zomwezi, batire ndi la 12V konsekonse, nde zomwe ndinene apazi zigwiranso ntchito kwanuko.

Choyamba mudziwe kuti GPS ili ndi kabatire kakekake mkati. Moto wochokera ku njinga ukaduka iyo siizima pompo ayi, imangoyamba kudya kabatire kaja nkumakulozeranibe njira ngati palibe chavuta mpaka katheretu. Munthu amanyamuka pa Chinamwali, waya nkumasuka asanafike ndi pa Thondwe pomwe, GPS nkukazimira ku Limbe, iye nkuyamba kudandaula kuti anamugulitsa feki pamene moto unasiya kufika kalekale. Nde musanaganize zogula ina imikani njinga pamalo abwino, tembenuzani kiyi, muyang'ane kachizindikiro ka batire pa sikirini. Ngati pali kamphezi kosonyeza kuti ikutchaja, moto ukufika. Ngati palibe, vuto lili pakati pa batire la njinga ndi mpando womwe GPS imakhalapo uja, ndipo muzilondola njira ya motowo malo ndi malo osadumpha.

Yambani ndi mpandowo chifukwa ndi womwe umavuta kawirikawiri. Chotsani GPS muone timapini tachitsulo timene timakhudzana ndi kumsana kwake. Timayenera kukhala towala, ndipo pa mipando yambiri tili ndi sipuling'i, mukatidina ndi chikhadabo timalowa nkubwereranso tokha. Kapini kamodzi kakangotitimira osabwerera basi, GPS izitchaja pa tara koma mukangolowa msewu wafumbi wa mabampu izilumikiza nkumasiya, nkumakufunsani pafupipafupi ngati mukufuna izime kapena ipitirize ndi batire. Mukaona zobiriwira kapena zoyererako ngati mchere pa timapinito ndiye kuti madzi analowa. Kunoku mvula ya December mpaka March ndi nkhungu ya ku phiri mukamakwera ku Ku Chawe ndi zomwe zimaononga, kwanuko dzinja ndi lomwelo. Zimitsani kiyi, pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi spirit kapena contact cleaner, dikirani paume. Osapala ndi mpeni kapena sandipepa, mumachotsa kachitsulo kopyapyala kokutira pamwamba nde dzimbiri limabwera msanga kuposa kale. Ndipo kachivindikiro ka labala kamene kanabwera ndi mpandowo, anthu ambiri amangokataya tsiku loyamba lomwelo, ntchito yake ndi yotseka timapini GPS mukaichotsa.

Kenako fyuzi. Londolani waya wofiira kuchoka pa mpando kupita ku batire, pena pake mupeza kabotolo kapena kabokosi kakuda, fyuzi ili mmenemo. Kawaya ka mkati kakakhala koduka ikani ina ya nambala yomweyo yalembedwa pa yakaleyo, za GPS zimakhala zazing'ono, ma amp ochepa chabe. Chonde zija zokulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya kapena kulumikiza ndi kawaya ka kopa musachite, fyuzi ya mtengo wochepa ndi imene imafa mmalo mwa GPS yanu. Ikapsanso yatsopanoyo pali shoti, ndipo malo oyamba kukayikira ndi pakhosi pa njinga pomwe mawaya amapindika mukamakhota. Tembenuzani handulo mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto uku mukuyang'ana sikirini, kamphezi kakamazima nkuyakanso waya wathyokera mkati kapena wakhuzuka nkumakhudza felemu.

Pa batire penipeni gwedezani mawaya ndi dzanja. Njinga zathuzi zimanjenjemera kwambiri moti tima boti timamasuka tokha, mungomanga bwino, wofiira ku + wakuda ku -. Mukafuna kuchotsa mawaya yambani ndi wa - ndipo pobwezera ukhale womaliza, kuti sipanala ikakhudza felemu musaone zothetheka.

Ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera moto, kapena makanika wanu ali nayo, apa nde pamene zimadziwika bwino. Ikani pa DC 20V muyeze pa + ndi - pa batire la njinga. Batire labwino injini ili chozima liziwerenga 12.6V kapena kuposerako pang'ono, likafika pa 12.0V ndiye kuti latsala pang'ono kutheratu. Lizani njinga muonjezere moto pang'ono, liziwerenga pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Likakhalabe pa 12 pomwepo injini ikulira njinga yanu siikutchaja, mwina rectifier (kachipangizo kosintha moto wa injini kuti uzitchaja batire) yapita kapena ma coil opanga motowo, GPS ilibe mlandu. Likamapitirira 15V chotsani GPS msanga isanapse, regulator (imene imaletsa moto kupitirira muyezo) yafa, nchifukwa chakenso mababu akumakutherani pafupipafupi. Koma ija yoti GPS imazima kamodzi mukamadina sitata kenako nkuyakanso yokha isakudetseni nkhawa kwambiri, sitata imakoka moto wambiri kwa kanthawi, makamaka pa timabatire ting'onoting'ono ta njinga za kabaza. Lizani kaye njinga, GPS muyatse pambuyo.

Funsaninso amene anakumangirirani kuti moto anautenga pati. Izi nzofunika chifukwa njinga zazing'ono zambiri nyali yakutsogolo imayaka ndi AC, moto wosinthasintha wochokera ku injini, mukuidziwa ija imawala mukaonjezera moto nkuzilala mukaima. Waya umenewo si wa GPS, pa idle, injini ikulira njinga ili chiimire, izingozima ndipo mapeto ake mudzaotcha chaja. Ena amalumikiza pa batire mwachindunji, zimagwira, koma njinga ikakhala masiku angapo osayenda mudzapeza batire lafooka chifukwa kabokosi ka pa waya wa GPS kotsitsa moto wa 12V kamadyabe pang'onopang'ono ngakhale GPS mwaichotsa. Kwa ine njira yabwino ndi kutenga pa waya wa DC, moto wa batire, umene umakhala ndi moto kiyi akatembenuzidwa basi, ngati wopita ku hutala kapena ku swichi ya buleki, fyuzi ili pompo.

Amene mumagwiritsa soketi ya USB, GPS imafuna 5V ndipo machaja otchipa ena satulutsa moto wokwanira sikirini ikakhala yowala kwambiri, nde imaonetsa ngati ikutchaja koma batire likutsikabe. Sinthani kebulo kaye, kenako chaja, mupeze ya 2A. Ndipo musadzayerekeze kudula kabokosi kotsitsa moto nkulowetsa 12V pa doko la USB.

Kutentha nakonso. Mabatire a lithium sakuyenera kutchajidwa kukatentha kupitirira 45°C, nde GPS zambiri zimasiya dala kutchaja. Mu October mukaisiya pa handulo padzuwa masana onse pa siteji idzaoneka ngati yafa, ichotseni muiike pamthunzi izizire kaye.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikukanabe, pitani nayo mnyumba muitchaje pa magetsi kwa maola angapo ndi kebulo yodalirika. Ikakana kuyaka dinani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 10 mpaka 15, zambiri zimayambiranso zikatere. Ikamayaka ili pa chaja koma mukangozula nkuzima nthawi yomweyo, kabatire ka mkati katha, ndipo mukaona kumsana kwafufuma musaitchajenso. Ngati warranty ikadalipo musatsegule, bwererani nayo komwe munagula ndi lisiti, mpando ndi waya wake zonse pamodzi kuti akayese chilichonse.