Mukamawerenga mawu a Chibolinao, samalani ndi zilembo zitatu izi

Chibolinao amachilankhula ku Bolinao ndi ku Anda, m'chigawo cha Pangasinan ku Philippines. Mukaona “ng”, musaitchule ngati ya mu “ngoma”. Ndi ija ya mu “ng'ombe”, kungoti iwo saikapo kachizindikiro. Apa ife tili ndi mwayi, lilime linazolowera kale.

Yovuta ndi “e”. Si ya mu “mchere” ayi. Imamveka chapakati pa kamwa, milomo ili yomasuka, osaitambasula. Kachizindikiro ka pamwamba (') nako kali ndi ntchito ina: mumadula mpweya pakhosi pang'ono, kenaka n'kupitiriza. Yeserani ndi “a'nem”, kutanthauza 6, chifukwa zonse ziwirizi zilimo. Ndipo musawonjezere “u” kumapeto monga timachitira ndi “buku”. Mawuwo athere pa “m” pomwepo.