Mmene Mungaonere Kukula kwa Chilengedwe ndi Maso Okha

Asayansi akamanena za chilengedwe chonse amatanthauza malo onse, nthawi, zinthu ndi mphamvu zonse zimene zilipo. Chakhalapo kwa zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Kachigawo kake mukhoza kukaona nokha popanda makina.

Sankhani usiku wopanda mwezi m'miyezi ya June ndi July, kutali ndi magetsi a m'tauni. Mukadikira mpaka September kapena October, utsi wa moto wa tchire umaphimba nyenyezi zosawala kwambiri. Khalani mumdima mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere. Foni ikhale m'thumba, chifukwa kungoyang'ana kuwala kwake kamodzi mumayambiranso kudikira. Ngati tochi ikufunika, ikulungeni ndi pepala lofiira.

Yang'anani kummwera, mupeze nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kwake, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kwatenga zaka zoposa 4 kuti kukufikeni. Kwa dzuwa kumangotenga mphindi 8.

Mzere wotuwa wodutsa pamwamba panu si mtambo ayi. Ndi Mlalang'amba, gulu lalikulu la nyenyezi mmene dzuwa lathu lili nyenyezi imodzi mwa mabiliyoni oposa 100.

Mu November yang'anani kumpoto, mufune kachizimezime ka mlalang'amba wina wotchedwa Andromeda, kamene kuwala kwake kunanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo. Mukakayang'anitsitsa kamazimirira, yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa m'mphepete mwa diso ndimo mumaona bwino kuwala kofooka.