Momwe mungayambire kumudziwa Agustín Yáñez, mlembi amene analinso bwanamkubwa

Munthu wofuna kumudziwa Agustín Yáñez ayambe ndi buku lake la mu 1947 lotchedwa Al filo del agua, maudindo amene anakhala nawo m'boma la Mexico abwere pambuyo, chifukwa maudindowo amamveka bwino munthu akadziwa kaye dera limene linamuumba. Yáñez anabadwira ku Guadalajara mu 1904, koma kwawo kwenikweni kwa makolo ake kunali ku Yahualica, kumapiri a chigawo cha Jalisco, ndipo moyo wa m'midzi yakumeneko ndiwo wadzaza bukuli. Amene sadziwa Chisipanishi afufuze lomasuliridwa m'Chingelezi, The Edge of the Storm.

Musathamange pa masamba oyambirira. M'menemo simuchitika kanthu kwenikweni: mlembi akungokuyendetsani m'mudzi wa amayi ovala zakuda ngati anamfedwa, wa zitseko zotseka masanasana, momwe belu la tchalitchi ndilo limalamula nthawi yodzuka, yopemphera ndi yogona. Owerenga ambiri amagwa ulesi pamenepa, komatu amene walumpha masamba amenewa sadzamvetsa chifukwa chake achinyamata a m'mudzimo akufunitsitsa kuthawa. Dzina la bukuli ndi mawu a alimi onena nthawi imene mvula yatsala pang'ono kugwa, ndipo mvula yake ndi nkhondo youkira ulamuliro wa pulezidenti wa Mexico Porfirio Díaz imene inabuka mu 1910. Khalani ndi pepala lolembapo mayina a anthu, popeza mlembiyu amalowa m'maganizo a munthu uyu n'kudumphira mwa wina osakuchenjezani, ndipo mutsatire makamaka Gabriel, mnyamata woliza mabelu, amene kalizidwe kake kamasautsa mitima ya anthu oopa tchimo.

Mukamaliza, onani zaka za 1953 mpaka 1959 pamene Yáñez anali bwanamkubwa wa Jalisco, kenako muwerenge La tierra pródiga la mu 1960, lonena za anthu amphamvu olimbirana malo a m'mphepete mwa nyanja, dera lomwelo limene boma lake linayesetsa kulitukula. Apa mudzaona kuti mlembi akulemba zimene bwanamkubwa anaziona ndi maso ake.

Gawo lovuta musalizembe. Kuyambira 1964 mpaka 1970 Yáñez anali nduna ya zamaphunziro m'boma la pulezidenti Gustavo Díaz Ordaz, ndipo m'nthawi yake munayamba Telesecundaria, njira yophunzitsa ana a sekondale kudzera pa wailesi ya kanema, imene yathandiza kwambiri midzi yakutali. Koma pa 2 Okutobala 1968 asilikali anawombera ophunzira ochita zionetsero ku Tlatelolco mumzinda wa Mexico City, ndipo Yáñez, nduna ya ophunzirawo, anakhalabe pampando kufikira boma limenelo litamaliza nthawi yake. Pofufuza chaka chimenechi, werengani mawu a boma pamodzi ndi maumboni a ophunzira amene anapulumuka, ndipo mukatero mubwerere ku masamba oyambirira aja a mudzi wa anthu osatsegula pakamwa.