Momwe mungakonzere kagwiritsidwe ntchito ka RAM pa seva ya Linux

Seva ikayamba kuchedwa, musathamangire kugula RAM ina musanaone momwe kernel, gawo la Linux loyendetsa makina, ikugawira yomwe ilipo.

Yambani ndi kuyeza. Lembani `free -h` ndipo muyang'ane pa available, osati pa free, chifukwa Linux imasungira mafayilo mu RAM yomwe yangokhala n'kuibweza ikafunika. Kenako lembani `vmstat 1`. Ngati pansi pa si ndi so sipakukhala 0, seva ikutaya nthawi kusamutsira zinthu ku swap, malo a pa diski omwe amalandira zochotsedwa mu RAM.

Zikatero, tsitsani vm.swappiness, nambala youza kernel momwe ifulumirire kugwiritsa ntchito swap. Imabwera ili pa 60, koma pa seva ya database 10 ndi yokwanira: `sudo sysctl -w vm.swappiness=10`. Musaike 0, chifukwa RAM ikadzadza OOM killer, gawo la kernel lomasula RAM popha mapulogalamu, amafulumira kupha pulogalamu yodya memory yambiri, yomwe nthawi zambiri imakhala database yanuyo.

Pomwe ambiri saganizira ndi pa deta yodikira kulembedwa. Pulogalamu ikalemba, kernel imayamba yasunga detayo mu RAM. Ikafika 10 peresenti ya RAM yomwe ilipo, malire a vm.dirty_background_ratio, imayamba kuitsitsira pa diski mwakachetechete. Ikafika 20 peresenti, malire a vm.dirty_ratio, mapulogalamu olemba amaimitsidwa kudikira diski. Pa makina a 64 GB, imeneyi ingafike 12 GB, ndipo diski yolemba 150 MB pa sekondi imatha mphindi yathunthu isanamalize. Ndi pamene seva imaoneka ngati yauma. Magetsi akathima popanda UPS, batire loyendetsa makina kwa kanthawi, deta yomwe sinafike pa diski imatayika. Ndi bwino kuika malire m'mabayiti ndi `sudo sysctl -w`:

`vm.dirty_background_bytes=268435456`
`vm.dirty_bytes=1073741824`

Woyambawo ndi 256 MB, wachiwiri 1 GB. Mukaika awa, ma ratio aja amasanduka 0 okha, musadabwe.

Ngati mumayendetsa Redis, database yosunga deta mu RAM, ikaninso `vm.overcommit_memory=1`, apo ayi kusunga deta pa diski kumalephera RAM ikachepa.

Sinthani chimodzi chimodzi, muone vmstat nthawi yomwe seva imatanganidwa kwambiri, kenako mupite pa china. Zonse zoikidwa ndi `sysctl -w` zimafufutika makina akazimitsidwa, choncho zomwe zathandiza zilembeni mu fayilo `/etc/sysctl.d/99-memory.conf`, mzere uliwonse pawokha, ndipo mulembe `sudo sysctl --system`. Mukayatsanso seva, tsimikizani ndi `sysctl vm.swappiness` kuti ikadali pa 10.