Lole yakale ikawira pa mtunda wa N7: chitani izi musanaphe injini

Amene mumayendetsa malole akalewa pakati pa Angonia ndi Tete mukudziwa kale kuti ulendo wotsika sivuto. Umanyamuka ku Ulongwe m'mamawa kukuzizira, mbatatesi kapena chimanga chili kumbuyo, geji ya kutentha kwa injini ili phee pamalo pake mpaka kukafika ku Moatize. Nkhani imayamba pobwerera. Wapakira simenti kapena feteleza, akuchedwetsa mpaka 11 koloko, mwezi wake ndi Okutobala kapena Novembala pomwe ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndiye uyambe kukwera N7 kulowera ku Mussacama ndi Zobue, mtunda wokhawokha. Apa ndi pomwe lole yokalamba imaulula matenda ake onse.

Ine ndili ndi Mercedes 1513 ya mphuno yaifupi ija, injini OM352 ya masilinda 6, ndipo yandiwirira kangapo pamsewu umenewu. Ulendo woyamba ndinachita zopusa zonse zomwe munthu angachite ndipo hedi, chitsulo chovundikira masilinda pamwamba pa injini, inang'ambika, ndalama ya mbatatesi ya chaka chimenecho inathera ku ofisina kwa amakaniko. Ndiye zomwe ndikulemba apazi ndinazigula, sizaulere. Zimagwiranso pa Fuso, Hino, Tata ngakhale ma IFA aja ngati alipo amene akuyendabe.

Choyamba, imani msanga. Singano ya geji ikangodutsa pomwe imakhala masiku onse n'kuyamba kulunjika kofiira, musamati ndikaima pamwamba pa mtunda, pamwambapo simukafika. Pezani malo oti matayala onse atuluke mu tara, kokani handibuleki, ajudante atsike aike miyala kumbuyo kwa matayala chifukwa lole yodzaza pa mtunda siikhulupirika, mphepo ya mabuleki ikatsika mumangoona ikubwerera yokha. Valani kolete, kajekete konyezimira kaja, ikani matriangulo onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu. Masamba a mtengo okha sakwanira, amene akutsika ndi thiraki ya matani 30 kuchokera ku boda sangawaone pa kona, komanso apolisi akakupezani opanda matriangulo ndi nkhani ina.

Chachiwiri ndi pomwe ambiri timalakwitsa: kuzimitsa kapena kusazimitsa. Suzumirani kaye injini ikulira. Ngati lamba wa fani alipo ndipo akuzungulira, madzi sakutayika pansi, nthunzi siikufoka, isiyeni ilire pang'onopang'ono osaponda mafuta kwa mphindi zingapo, diso lili pa geji. Chifukwa chake n'choti mukazimitsa pompo, pampu ya madzi imaima, fani imaima, koma chitsulo chikadali chotentha ndiye madzi omwe ali mu hedi amawira kuposa poyamba. Injini ikamalira lole itaima, osakoka kanthu, kutentha kumatsika kokha. Koma mukaona lamba waduka, kapena paipi yaphulika madzi akuchita kukhavukira pansi, kapena singano ikukwerabe, zimitsani nthawi yomweyo, palibenso zoganiza.

Chachitatu, manja kutali ndi chotsekera cha ladiyeta. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndinaona ndi maso. Mnyamata amene ndinkayenda naye nthawi imeneyo, mwana wa mlongo wanga, anathamanga ndi kansanza kuti athandize, ine ndikufuula kuti iwe siya, iye wapotokola kale. Madzi anatumpha kupitirira denga la lole, dzanja lonse mpaka m'chigongono linasupuka khungu, ulendo unathera ku chipatala ndipo mpaka lero mayi ake akandiona amayamba ndi nkhani imeneyo. Chotsekera chija chimasunga mphamvu mkati kuti madzi asawire pa madigiri 100, ndiye ukatsegula mwadzidzidzi madzi onse amawira kamodzi n'kutuluka ngati mfuti. Dikirani theka la ola kapena kuposa, khalani pamthunzi wa mlambe ngati ulipo, idyani kaye. Muyeso wake ndi paipi yaikulu yam'mwamba: mukatha kuigwira ndi dzanja komanso ikufinyika, siili gwaa, ndiye mutha kutsegula. Ngakhale apo ikani chiguduli chochindikala, potokolani pang'ono kaye mphepo ithe kufwiiza, nkhope mutayang'ana kumbali.

Podikirapo, injini mutaizimitsa, musangokhala, fufuzani chomwe chachititsa. Yambani ndi lamba, mudinikize ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri, azilowa pang'ono chabe, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Akamalowa kwambiri kapena akuwala ngati wapakidwa polishi ndiye kuti amaterereka, kokani alitaneta mumange. Kenako tsatani mapaipi onse ndi dzanja, makamaka pomwe pali makilampu ndi kunsi komwe maso safika. Gwirani fani muigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo, ikamachita gwedegwede ndiye kuti beringi ya pampu yatha, ndipo kunsi kwa pampuko pali kabowo kakang'ono, mukaona kakudontha kapena pali mzere wa dzimbiri wotsika, pampu ikutsanzika.

Mukatero pitani kutsogolo muyang'ane nkhope ya ladiyeta. Ife onyamula mbewu apa ndi pomwe timagwidwa kawirikawiri. Mungu wa chimanga, zinyalala za fodya, fumbi la m'misewu ya ku Tsangano, kuwonjezera fumbi lakuda la malasha la ku Moatize, zikakumana ndi kaoyilo kodontha zimamata ngati phala ndipo mphepo siidutsa. Yatsani tochi ya foni kumbuyo kwa ladiyeta, mnzanu ayang'ane kutsogolo, kuwala kukapanda kuoneka mwapeza wakuba. Tsukani ndi madzi kuchokera mbali ya injini kutulukira kunja, osati kukankhira zinyalala mkati, ndipo musakolose ndi waya kapena sikuludiraiva, timapepala tija n'tofewa ndipo mudzaboola.

Tsopano kuthira madzi. Injini ikazizira ndithu, lizani, izilira pang'onopang'ono, ndiye muzithira pang'onopang'ononso, osati kukhuthula chigubu chonse kamodzi. Apa ndi pomwe ine ndinaphera hedi, ndinatunga madzi ozizira pa mjigo wapafupi n'kukhuthulira mu injini yoti ikuchita kununkha kupsa, ndinangomva kuti thee, basi. Chitsulo chotentha chikakumana ndi madzi ozizira chimang'ambika, ngakhale mayi wakukhitchini amadziwa zimenezi ndi mphika wadothi. Mukadzaza siyani chotsekula kaye kwa mphindi zingapo mphepo ituluke, madzi akatsika onjezerani.

Chikadali chotsekula chomwecho, yang'anani m'kamwa mwa ladiyeta. Tithovu tochepa poyamba sivuto, ndi mphepo ikutuluka. Koma thovu likamabwera osalekeza ngati Fanta yogwedeza, ndipo likuchuluka mukaponda mafuta, gasiketi ya hedi yapita. Tsimikizani ndi zina ziwiri: solotsani kachitsulo koyezera oyilo, oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo, komanso onani utsi, ukakhala woyera wambiri wosatha pomwe injini yatentha kale ndi chizindikiro chomwecho. Zikatero achimwene musalimbane nayo. Imbani foni, pezani lole ina idzapakule katundu, yanuyo ikokedwe. Gasiketi yokha ndi ndalama yochepa, koma mukaumirira makilomita ena 20 ndi oyilo wamadzi mudzagula mabering'i, kirankishafiti ndi zonse.

Ngati zonsezo zili bwino, tsekani muyambepo, koma musinthe kaponde. Madalaivala ambiri lole ikamatentha amaika giya yaikulu poganiza kuti injini ikamalira motsika ndiye kuti ikupuma. Ayi. Pa mtunda giya yaikulu imaibanikiza, mafuta akupsa ambiri pomwe fani ndi pampu zikuzungulira mwaulesi. Tsitsani giya imodzi kapena ziwiri, injini izilira momasuka phazi lisanafike pansi, muzikwawa choncho ngakhale a minibasi akuimbireni mahutala. Mukafika pamwamba musazimitse pompo, ipatseni mphindi zitatu kapena zisanu, makamaka ngati ili ndi thebo.

Za mazira, sopo, ufa wa khale kapena fodya wopera zomwe anthu amathira mu ladiyeta yodontha, sindinama, zimakufikitsa kunyumba nthawi zina. Koma zomwezo zimakatsekanso timipaipi tabwinobwino mkati, ndiye ukachita zimenezo dziwa kuti ladiyeta ikufunika kutsitsidwa sabata yomweyo.

Mukafika kunyumba ntchito sinathe, ndipo pali kanthu kamodzi komwe ndimakangana nako ndi amakaniko a pansi pa mtengo: themositati, kachitsulo kotsegulira madzi njira yopita ku ladiyeta injini ikatentha. Iwo lole ikangowira amachotsa n'kutaya kutchire, amvekere kuno n'kotentha sikafunika. Ku Tete mwina n'kotentha, nanga ku Angonia mu Juni? Injini imayenda yozizira m'mawa wonse, imamwa gazoleo (dizilo) ngati chidakwa, utsi tolotolo, marin'gi akudyeka. Komanso pa injini zambiri kanthu kameneka kakatseguka kamatsekanso njira yachidule ya madzi, ndiye mukakachotsa madzi ena amangozungulira mu injini osapita ku ladiyeta. Kayeseni kaye: ikani mu poto wa madzi pa mbaula, kazitseguka madzi asanawire, cha m'ma digiri 80, nambala yake imalembedwa pa thupi pake. Kakapanda kutseguka gulani kena. Chotsekera cha ladiyeta nachonso onani labala wake, akakhala wong'aluka sinthani, n'chotchipa kuposa chilichonse pa lole koma chimawiritsa injini yabwinobwino.

Madzi a pa mjigo omwe munathira panjira aja musawasiye momwemo. Ambiri ali ndi mchere, onani ketulo ya kunyumba momwe imayerera mkati, ndi zomwezo zimachitika mu ladiyeta ndi mu buloko. Khuthulani, tsukani mpaka madzi azituluka oyera, ndiye muthire kulanti, mankhwala a mu ladiyeta aja, wosakaniza monga alembera pa botolo. Ndalama ikavuta bola madzi a mvula osefa.

M'kabini mwanga tsopano simusowa zigubu ziwiri za malita 20, lamba wapadera, makilampu anayi, chidutswa cha paipi ndi chubu chakale cha njinga chomangira. Ndipo ndikapakira mochedwa ku Tete sindinyamukanso masana, ndimawoloka mlatho wa Kassuende madzulo n'kukagona ku Moatize, 3 koloko m'bandakucha ndayamba kukwera, dzuwa likamatuluka ndili kale pa mphambano ya Mussacama ndikumwa tiyi.