Momwe mungasankhire pisito ya masewera owombera chandamale kuno ku Joni

Ambiri a ife kuno ku Joni tikamva mawu akuti mfuti mtima umagunda, ndipo m'pomveka. Amene anagonapo ku Hillbrow kapena ku Rosettenville akudziwa kulira kwake pakati pa usiku. Koma ilipo mfuti ina imene imalira dzuwa likuswa mtengo, pabwalo lotchingidwa ndi zimulu za dothi, woyang'anira ataima kumbuyo kwako ndi kawotchi m'manja, iwe ukulimbana ndi chikatoni choikidwa pamtengo. Amenewa ndi masewera, ndipo m'dziko muno anazika mizu kalekale. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa IPSC, bungwe loyendetsa masewerawa m'maiko ambiri, unachitikira ku Roodepoort mu 1979, bungwelo lili ndi zaka zitatu zokha chikhazikitsidwire, ndipo unadzabweranso mu 2002 ku Pietersburg, komwe lero timati Polokwane.

Anzanga akamva kuti ndimawombera nawo Loweruka, funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, yabwino ndi iti, Glock kapena CZ?" Ine ndimayankha kuti dzina la mfuti silingakuuzeni zimenezo. Likuuzeni ndi dzanja lanu, ndipo pali njira yolifunsira.

Choyamba: yang'anani mapepala anu musanayang'ane mfuti

Apa ndi pamene ife a ku Malawi tiyenera kuuzana zoona. Lamulo loyendetsa mfuti ku South Africa ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000. Kuti mupatsidwe laisensi muyenera kuyamba mwalandira chiphaso cha competency, chotsimikiza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo chiphasocho chimaperekedwa kwa nzika ya dziko lino kapena munthu amene ali ndi permanent residence, wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Pemiti ya ntchito kapena ya sukulu siikufikitsani pamenepo. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule, kapena akugulitsa mfuti ya m'thumba pamtengo wozizira, mutembenukire nsana. Kupezeka ndi pisito yopanda laisensi kumatha kumulowetsa munthu m'ndende zaka 15, ana kumudzi akudikira fizi.

Komabe chitseko sichinatsekedwe chonse. Lamulo lomwelo limalola mwini laisensi kubwereka mfuti yake kwa munthu wina, bola iye ali pomwepo kumuyang'anira, ndipo mabwalo ovomerezeka ambiri mu Gauteng amabwereketsa mfuti zawo mlangizi ataima pambali panu. Choncho kuyesa ndi kuyerekeza mfuti kumene ndikufotokoza m'munsimu mungakuchite ngakhale mulibe chiphaso chilichonse cha mfuti. Imbani foni kaye kuti mumve chitupa chimene amafuna pakhomo.

Amene mapepala anu akukwana, njira yake ndi iyi: maphunziro kwa mphunzitsi wovomerezeka, gawo 117705 la kudziwa lamulo ndi gawo 119649 la kagwiridwe ka pisito, kenako fomu ya SAPS 517 kwa wapolisi woona za mfuti, amene amamutchula kuti DFO, pa polisi ya dera lanu.

Chachiwiri: sankhani masewera, mfuti ibwere pambuyo

Pitani mukaonerere mpikisano wa kalabu kawiri kapena katatu musanawononge ndi randi imodzi yomwe. Magulu akuluakulu oyendetsa masewerawa m'dziko muno ndi awiri, SAPSA ndi SADPA. SAPSA imayendetsa masewera a IPSC: mumathamanga pakati pa zotchinga, mapointi anu amagawidwa ndi masekondi amene mwatenga, ndiye wopambana ndi amene waphatikiza kulunjika ndi liwiro. SADPA imayendetsa masewera a IDPA, omwe anayamba mu 1996 ku America: mfuti imabisika pansi pa chovala, mumawombera mutabisala kuseri kwa chotchinga, ndipo kuphonya pakati kumakuwonjezerani masekondi.

Chifukwa chake ndikuti muyambe ndi masewera n'chakuti gulu lililonse lili ndi malire ake pa mfuti. Mu IPSC oyamba kumene ambiri amalowa chigawo cha Production, cha mfuti monga zinachokera ku fakitale. Kumeneko mpope wa mfuti usapitirire mamilimita 127, m'magazini musalowe zipolopolo zoposa 15, ndipo mfutiyo iyenera kupezeka pa mndandanda wovomerezeka wa IPSC. Glock 34 ndi mfuti yabwino kwambiri ya chandamale, koma mpope wake ndi mamilimita 135, ndiye mu Production siiloledwa, pomwe mchimwene wake Glock 17 wa mamilimita 114 amalowa bwinobwino. Ndaonapo munthu atagwira m'mutu tsiku la mpikisano chifukwa cha mamilimita 8 okha.

Chachitatu: dziwani mabanja awiri a mfutizi

Pisito ya semi-automatic imatulutsa chipolopolo chimodzi mukakoka thiriga kamodzi, kenako mphamvu ya chipolopolocho imakankhira slide, chitsulo cha pamwamba chimene chimatsetsereka, m'mbuyo, kutaya chikhokhombe n'kulowetsa china. Zonse zimagwira ntchito motero. Kusiyana kumene mudzakumve m'chala kuli pa chimene chimamenya chipolopolo.

Banja loyamba ndi la striker, kachitsulo ka m'kati komenya chipolopolo, lopanda hamala, kanyundo kaja koonekera kunja, thupi lake kawirikawiri la pulasitiki yolimba. Muli Glock 17 ya ku Austria, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, CZ P-10, Walther PDP, SIG P320 ndi ma Canik a ku Turkey amene amakondedwa chifukwa cha mtengo. Thiriga yake imalemera chimodzimodzi kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza, pa Glock pafupifupi makilogalamu 2.5. N'zosavuta kuphunzira, zosavuta kutsuka, ndipo n'zopepuka: Glock 17 ndi magazini yopanda kanthu ili pafupifupi magalamu 700.

Banja lachiwiri ndi la hamala, zambiri zachitsulo. Kholo lake pamabwalo athu ndi CZ 75 ya mu 1975, yopangidwa ku Uherský Brod, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo mdzukulu wake Shadow 2 wa mu 2016 ndiye mudzamuone m'chiuno mwa opikisana ambiri. Muli Tanfoglio ndi Beretta 92 za ku Italy, komanso Z88 imene inkapangidwa konkuno motsatira Beretta, ija apolisi akhala akunyamula zaka zambiri. Pa mfuti izi kukoka koyamba n'kotalika ndi kolemera chifukwa chala ndicho chimadzutsa hamala, koma kukoka kotsatira n'kofupika ndi kofewa kwambiri. Shadow 2 imalemera kuposa makilogalamu 1.3, pafupifupi kawiri Glock, ndipo kulemerako kumameza kudumpha kwa mfuti mukawombera. Koma tsiku lonse padzuwa la Disembala, mkono ndi lamba zimadziwa kuti zanyamula chitsulo.

Pa chipolopolo musavutike mutu: tengani 9mm Parabellum. Chimapezeka mu shopu iliyonse ya mfuti ndipo chimakwanitsa mphamvu imene IPSC imafuna. Mphamvuyo amaiwerengera pochulukitsa kulemera kwa chipolopolo m'magreni, muyeso wa kulemera kwa zipolopolo, ndi liwiro lake m'mafiti pa sekondi n'kugawa ndi 1000, ndipo isatsike pa 125. Chipolopolo cha magreni 124 chothamanga mafiti 1050 pa sekondi chimapereka 130, ndiye mwadutsa.

Chachinayi: kuyesa kwenikweni pabwalo

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Musanagwire chilichonse, malamulo anayi akhale m'magazi: mfuti iliyonse muziitenga kuti ili ndi chipolopolo, musailozetse pa chinthu chimene simukufuna kuwononga, chala chikhale kunja kwa thiriga mpaka mutalunjika chandamale, dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Valani magalasi ndi zotseka m'makutu. M'bwalo la m'nyumba ine ndimavala ziwiri, timapulagi m'kati ndi zophimba pamwamba, chifukwa khutu likafa silidzukanso.

Bwerekani mfuti zitatu, zosaposa apo tsiku limodzi, ndipo pakhale ya striker ndi ya hamala. Gulani zipolopolo za mtundu umodzi, bokosi la 50 pa mfuti iliyonse. Mukasintha zipolopolo pakati, simudziwanso ngati chasintha ndi mfuti kapena chipolopolo. Tengani kope ndi cholembera.

Yambani mfuti ili yopanda kanthu, mlangizi atatsimikiza ndi maso ake. Igwireni mwamphamvu, chikhatho chikwere pamwamba penipeni pa chogwirira. Kodi nsonga ya chala chanu ikufika pa thiriga popanda kupotoza dzanja? Pa mfuti ya hamala yesani hamala ili pansi, pamene thiriga ili patali kwambiri. Kodi chala chachikulu chikufika pa batani lotulutsa magazini? Kenako lozani chandamale, tsinzinani, tsitsani mfuti, ikwezeninso, tsegulani maso. Mfuti yogwirizana ndi dzanja lanu imabwerera pafupi ndi pomwe munaloza. Ina mudzaipeza yayang'ana kudenga, chifukwa kapendekedwe ka chogwirira kamasiyana, ndipo pa ichi Glock ndi CZ zimasiyana moonekeratu.

Ine gawo limeneli ndinalidumpha. Mfuti yanga yoyamba ndinaigula chifukwa akatswiri a pakalabu ankanyamula yomweyo, yachitsulo, yokongola. Zala zanga n'zazifupi. Kuti ndifike pa thiriga ndinkazunguliza dzanja pang'ono osadziwa, ndipo chipolopolo choyamba chinkagwera pansi chakumanzere nthawi zonse. Miyezi inatha ndikuganiza kuti vuto ndi maso. Tsiku lina bambo wina wachikulire, woyang'anira bwalo, anaima pambali panga osayang'ana chandamale koma dzanja langa. Anatenga cholembera n'kujambula kamzere pa chikhatho changa pomwe msana wa mfuti umayenera kukhala, ndipo nditagwiranso tinaona kuti mfuti yakhala chala chathunthu kumbali kwa mzerewo. Zogwirira zopyapyala zinathandiza, koma ndalama ndi miyezi zinali zitapita.

Tsopano zipolopolo. Ikani chandamale pa mamita 10. Womberani zisanu pang'onopang'ono, kupuma pakati, kenako yezani kutalikirana kwa mabowo awiri otalikirana kwambiri n'kulemba. Chitani katatu. Musadandaule ngati mabowo sali pakati penipeni, poti zolozera zimasunthika. Chofunika n'chakuti aunjikane pamodzi. Kenako womberani ziwiriziwiri mofulumirirapo, maso ali pa cholozera cha kutsogolo: chikadumpha, chikubwerera chokha pamalo pake kapena mukuchisakasaka? Apa ndi pamene mfuti yolemera imaonetsa ubwino wake. Pa ya hamala, bwerezani kasanu kuwombera koyamba kuja kolemera, chifukwa mu Production siteji iliyonse, kutanthauza gawo lililonse la mpikisano, imayamba hamala ili pansi. Malizani ndi kusintha magazini kangapo, ndi zisanu zomaliza pa mamita 20.

Lembaninso zimene manambala sanena: pamene pakupweteka, pamene slide yakukandani, ngati mfuti inakanirira. Bwererani sabata ina mukayambe ndi mfuti imene munamalizira, popeza yomaliza imapeza manja atatopa kale.

Mawu amodzi kwa amene zaka zapitako ndipo cholozera chayamba kuoneka mwachimbuuzi: funsani mfuti yodulidwa kale malo oikapo kagalasi ka kadontho kofiira. IPSC ili ndi chigawo chake cha Production Optics, ndipo kudula slide pambuyo pake n'kodula kuposa kugula yokonzeka.

Chachisanu: werengerani mtengo wonse

Mtengo wolembedwa pa shopu ndi chiyambi chabe. Mufunika magazini anayi kapena asanu, holster, thumba la mfuti la m'chiuno, yophimba thiriga yonse, lamba wolimba, timatumba ta magazini, sefu yachitsulo yovomerezeka ndi SABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, yomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndalama ya umembala, ndiponso zipolopolo, zimene pakutha pa zaka zingapo zimadya ndalama kuposa mfuti yeniyeniyo. Funsani wogulitsa mtengo wa magazini imodzi ndi ngati masipuling'i ake ali pa shelefu lero. Glock ndi CZ zimapambana apa chifukwa zipangizo zake zili ponseponse mu Gauteng. Mfuti yachilendo ikathyoka kachitsulo kamodzi mutha kukhala miyezi mukudikira katundu wa kunja.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola idutse kwa wogulitsa wovomerezeka kapena mwini wake wa laisensi, ndipo katswiri wokonza mfuti aitsegule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachisanu ndi chimodzi: laisensi ndi kudikira

Mukasankha, mumalipira koma mfuti imatsala m'sefu ya wogulitsa. Inu mumatenga nambala yake n'kulemba fomu ya SAPS 271, pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukuifunira. Apa kope lanu lija ndi zotsatira za mipikisano imene mwalowa ndi mfuti yobwereka zimakuyankhulirani. Gawo 15 la lamulo ndi la wowombera mwa apo ndi apo: laisensi ya zaka 10, pisito imodzi, ndipo simusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfutiyo. Gawo 16 ndi la wamasewera wodzipereka, amene bungwe lovomerezeka lamuchitira umboni. Nayo ndi ya zaka 10 koma malire a zipolopolo 200 aja palibe. Gawo 13 ndi la kudziteteza, zaka 5, nkhani ina imeneyo. Laisensi iliyonse muyenera kupempha kuiwonjezera kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe, ndiye tsikulo lilembeni pomwe simungaliiwale.

Mafomu amapita ku Central Firearms Register ku Pretoria ndipo yankho limatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi yodikirayo pitirizani kupita ku kalabu, thandizani kumata mabowo ndi kudzutsa zitsulo zogwa, ndipo tcherani khutu ku mawu a woyang'anira, amene amanenedwa m'Chingerezi pa mpikisano wa IPSC kulikonse padziko: "Load and make ready" (ikani zipolopolo mukonzeke) poyamba, "If you are finished, unload and show clear" (ngati mwamaliza, chotsani zipolopolo muonetse kuti mulibe kanthu) pomaliza. Pa mpikisano wanu woyamba muuzeni woyang'anirayo kuti ndinu watsopano, pemphani kuti mukhale womaliza pa gulu lanu kuti muone mmene anzanu akuyendera, ndipo pa siteji yoyamba yendani, musathamange.