Waleti ya kripto kuno ku chigwa: musanasankhe apu ganizani kaye za madzi

Funso ili ndafunsidwa kangapo miyezi yapitayi, ku Nchalo, pa Dyeratu, mpaka pa msika wa ng'ombe ku Ngabu mnyamata wina anandiimitsa ndili pa njinga yamoto nkundifunsa kuti "alangizi, inu mumaziona za m'mafonizi, waleti yabwino yosungiramo USDT ndi iti?" USDT ndi mtundu wa kripto, ndalama za pa intaneti, umene mtengo wake umatsata dola ya ku America. Ine ntchito yanga ndi ya thonje, mapira ndi mbuzi, koma poti nkhani yosunga chuma kuti chisaonongeke ndi yomweyo timaphunzitsa tsiku ndi tsiku pa nkhokwe, ndaona kuti ndilembe zomwe ndimawayankha kuti ena nawonso amve.

Chomwe anthu akuthamangira ku zinthuzi tonse tikuchidziwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye munthu amene anagulitsa ng'ombe nkusunga ndalama m'nyumba anadzuka m'mawa ng'ombe yake yasanduka mwana wang'ombe. Ena ali ndi abale ku Joni amene amatumiza thandizo kudzera njira imeneyi, ena ndi achinyamata amene amagwira timaganyu ta pa intaneti nkumalipidwa mu USDT. Sindikukuuzani kuti gulani ayi, ndipo dziwani kuti Reserve Bank ya Malawi inanena poyera mu 2019 kuti kripto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kutanthauza kuti zikakuvutani palibe ofesi ya boma imene idzakubwezereni. Koma ngati muli nazo kale, tiyeni tizisunge bwino.

Choyamba chimene ambiri samachimvetsa nchoti ndalamazo sizili mufoni mwanu. Zili m'buku lalikulu la pa intaneti lotchedwa blockchain lomwe makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga, ndipo waleti ntchito yake ndi kusunga kiyi yotsegulira gawo lanu m'bukumo basi. Ndiye posankha waleti funso lenileni si lakuti apu iti ndi yokongola kapena yopepuka pa bandulo, funso ndi lakuti kiyiyo ali nayo ndani.

Pali mawaleti amene kiyi imakhala ndi kampani, monga akaunti imene mumatsegula pa Binance kapena misika ina yogulitsirana kripto, mumalowa ndi imelo ndi pasiwedi. Izi zili ngati kuikiza ng'ombe kwa munthu. Kuno timaikiza ziweto ndithu ndipo nthawi zambiri zimayenda bwino, koma tonse tinamvapo za munthu amene anapita kukatenga ng'ombe zake nkuuzidwa kuti zinafa ndi matenda, chikopa osachiona. Ku Japan msika wa Mt. Gox unagwa mu 2014 ndipo ma bitcoin, mtundu wina wa kripto, pafupifupi 850,000 anasowa. FTX imene inali pakati pa misika ikuluikulu padziko lonse inagwa mu November 2022, anthu anangoona batani lotapira ndalama lasiya kugwira, mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa zaka 25 ku ndende mu 2024 koma eni ndalama anadikira zaka kuti alandireko kanthu. Ndipo amene muli ndi abale ku Joni afunseni za Mirror Trading International imene inagwa kumapeto kwa 2020 itatolera ma bitcoin a anthu zikwizikwi powalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi. Akaunti ya pa msika ndi yogulira ndi kugulitsira, mukafuna kusintha kuti zilowe ku Mpamba kapena Airtel Money muzidutsira pamenepo, koma si nkhokwe.

Mtundu wachiwiri ndi umene kiyi mumasunga nokha, monga Trust Wallet, MetaMask, kapena BlueWallet kwa amene akusunga bitcoin yokha. Mukangoyitsegula koyamba imakupatsani mawu 12, nthawi zina 24, achingerezi, otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo imakuuzani kuti muwalembe motsatana mmene abwerera. Mawu amenewo ndiye chuma chanucho. Foni itabedwa, itagwa mu Shire, itaphulika batire ndi dzuwa la October, mumangogula ina nkulembamo mawu aja, zonse zimabwerera, ngakhale mu apu ya kampani ina bola ikhale yotsata ndondomeko yomweyo. Koma mawuwo akatayika palibe kasitomala keya woti mumuyimbire, ndipo wina akawaona, angakhale ali ku Nigeria kapena ali nyumba yoyandikana nanu, atha kukokolola zonse foni yanu ili m'thumba mwanu momwemo.

Apa mpamene ife a ku chigwa tiyenera kuganiza mosiyana ndi anzathu a ku Lilongwe kapena ku Ulaya amene amalemba malangizo ambiri a zinthuzi. Iwo amangoti lembani papepala muike mu dirowa. Ife dirowa yathu inalowa madzi mu January 2015, inalowanso nthawi ya namondwe Idai mu March 2019, namondwe Ana mu January 2022, namondwe Freddy mu March 2023.

Freddy atadutsa ndinali nawo pa ntchito yolemba anthu amene mbewu zawo zinakokoloka, ndipo pa msasa wina cha ku Bangula mnyamata wina anabwera kwa ine atanyamula kope m'jumbo. Anali atachita zonse mmene anamuuzira, mawu 12 anawalemba kumapeto kwa kope la masamu la mng'ono wake nkuliika m'chikwama pansi pa bedi, foni anathawa nayo usiku koma inanyowa powoloka ndipo siinayakenso. Madzi ataphwa anabwerera nkulipeza kopelo m'matope. Anali atalianika padzuwa masiku awiri, masamba atamatana ngati chikondamoyo, tinayesa kuwamatula ndi lezala pang'onopang'ono, tsamba lenilenilo linang'ambika pakati ndipo inki inali itayenderera nkusiya banga la buluu. Mawu amene tinatha kuwerenga anali asanu ndi awiri. Anandiyang'ana nkuti "bambo, palibe njira ina?" Zinali ndalama zimene mkulu wake wa ku Joni ankatumiza pang'onopang'ono kuti adzagulire malata, ndipo mpaka lero nkhope ya mwana uja sindimaiiwala.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Lembani mawuwo ndi pensulo osati peni ya inki yamadzimadzi, pensulo siyenderera ikanyowa, papepala lolimba, manambala 1 mpaka 12 pambali pake chifukwa mukasokoneza ndondomeko waleti siitseguka. Pepalalo likulungeni mu pulasitiki muliike m'kabotolo kotseka bwino, kaja ka mankhwala kapena ka galasi ka chivindikiro cholimba, chifukwa madzi akapanda kubwera chiswe chimabwera, ndipo chiswe cha kuno chimatha kope sabata imodzi. Kuposa pamenepo, pezani kachidutswa ka chitsulo chosachita dzimbiri, ngakhale supuni yakale kapena chivindikiro cha poto, mukande kapena kukhomerapo mawuwo ndi msomali. Simukuyenera kulemba liwu lonse, zilembo zinayi zoyambirira zimakwana chifukwa pa mndandanda uja palibe mawu awiri oyamba ndi zilembo zinayi zofanana. Koma chitani nokha m'nyumba, musapite nako kwa owotcherera zitsulo pa trading centre kuti akulembereni, mwawapatsa zonse.

Ndipo musasunge malo amodzi. Mbewu ya chaka chamawa timati ina muike kudenga ina mukaikize kwa abale kumtunda, ndi chimodzimodzi apa, kabotolo kamodzi kunyumba pamalo okwera, kena kwa munthu amene mumamudalira ndi moyo wanu, kaya ku Chididi kaya ku Thyolo kaya ku Blantyre, komata bwino koti kakatsegulidwa mudzadziwa. Sankhani munthu ameneyu mofatsa, wosamwa nkumaulula zam'nyumba.

Chimene musachite ngakhale pang'ono ndi kujambula mawuwo ndi foni. Sikirinishoti imatha kukwera yokha ku Google Photos inu osadziwa, ndipo amene walowa mu Gmail yanu waipeza. Osadzitumizira pa WhatsApp, osasunga mu ma noti, osalemba ngati nambala ya munthu. Taganizani mmene foni imayendera kuno: magetsi akazima kapena kumudzi kopanda magetsi mumaisiya pa shopu yotchajira tsiku lonse, sikirini ikasweka mumaisiya kwa okonza ndipo amakufunsani patani kuti ayesere, madzulo ana aibwereka akuonera mavidiyo. Ambiri mwa otchaja ndi okonza mafoni ndi anthu achilungamo, koma chuma sitisiya pa njira podalira kuti odutsa onse ndi abwino. Waleti ikhale ndi PIN yakeyake yosiyana ndi yotsegulira foni, ndipo ngati foni ikupita kokakonzedwa, mawu anu ali malo abwino, ingochotsani apuyo mudzayibwezeretsa ikabwera.

Palinso chizolowezi chathu chopatsana ma apu pa Xender kapena Bluetooth kuti tisaononge bandulo. Pa nyimbo ndi magemu zilibe kanthu koma waleti ayi. Akuba amapanga ma apu ofanana ndendende ndi enieni, chizindikiro chomwecho mtundu womwewo, mukangolembamo mawu anu apita. Gulani kabandulo kamodzi mudaunilode nokha kuchokera pa Play Store, ndipo ngakhale pamenepo onetsetsani dzina la kampani imene inapanga apuyo ndi kuchuluka kwa anthu amene anaidaunilodapo, chifukwa zabodza zimalowamonso nthawi zina. Linki imene wina wakutumizirani pa gulu la WhatsApp kapena Telegram ilekeni. Ndipo aliyense amene akufunsani mawu 12 aja, kaya akuti ndi wa ofesi ya waletiyo akufuna kukuthandizani, kaya akuti mwawina mphatso, ndi wakuba basi, ndi omwe aja otumiza mameseji oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" angosintha malaya. Kampani yeniyeni siifunsa mawu amenewo.

Pa akaunti ya pa msika ija, ngati mukadali nayo, musadalire nambala yachinsinsi yobwera pa SMS yokha chifukwa simukadi anthu amatha kuisinthitsa mwachinyengo, ikani apu ngati Google Authenticator imene imapanga nambala yachinsinsiyo mufoni mwanu momwemo.

Ena amandifunsa za timakina tija tooneka ngati fulashi, Ledger ya ku France ndi Trezor ya ku Czech Republic. Ubwino wake ngwakuti kiyi siituluka m'kamakinamo, ngakhale foni kapena kompyuta ili ndi vayirasi ndalama sizingachoke pokhapokha mutadina batani pakamakinako ndi chala chanu. Zotchipa zake zimakhala cha m'madola 50 mpaka 80 osawerengera zotumizira, ndiye ngati mukusunga za mtengo wa mbuzi imodzi kapena ziwiri musavutike, apu yabwino pa foni yotseka bwino yakwana. Koma ngati ndi ndalama za ng'ombe zingapo kapena za nzimbe za chaka chonse, kamakinako nkoyenera. Kagulidwe kake ndiye kofunika, kachokere ku kampani yeniyeni kapena kwa wogulitsa amene kampaniyo inamuvomereza, osati kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ngati mwatsegula bokosi nkupeza khadi lolembedwa kale mawu 24 dziwani kuti ndi msampha, mawu amayenera kubadwa pamaso panu pa sikirini ya kamakinako. Mu 2020 maina ndi ma adiresi a makasitomala a Ledger anabedwa ndipo pambuyo pake ena analandira timakina tabodza pa positi, ndiye akubawa amafika patali. Kumbukiraninso kuti kamakinako nakonso kamakupatsani mawu oti musunge, nkhani ya kabotolo ndi chitsulo ija siikusintha.

Musanaike ndalama zambiri muwaleti yatsopano iliyonse, yesani kaye monga timayesera mbewu pofesa njere zochepa kuti tione ngati zimera. Tumizani kochepa, madola awiri kapena atatu, kakafika chotsani apuyo mufoni, muiikenso, mulembe mawu anu kuchokera papepala lija. Kakaonekanso ndiye kuti munalemba bwino. Anthu ambiri amazindikira kuti analakwitsa sipelo ya liwu limodzi tsiku limene foni yatayika kale.

Potumiza samalani ndi netiweki. USDT imayenda misewu ingapo, ya Tron imene amailemba TRC20 adiresi yake imayamba ndi T, ya Ethereum imene amailemba ERC20 imayamba ndi 0x, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kugwirizana msewu umodzi. Pa Tron mufunika kukhala ndi kripto ya msewuwo yotchedwa TRX pang'ono yolipirira ulendo, pa Ethereum mufunika yake yotchedwa ETH, apo ayi muziziona ndalama zanu koma osatha kuzisuntha. Mukakopa adiresi yang'anani zilembo zoyambirira ndi zomalizira musanadine, pali mavayirasi amene amasintha adiresi mukamaiika. Apa si pa Mpamba poti mukalakwitsa nambala muyimba foni nkudandaula, zikapita zapita.

Nkhani ina imene anthu safuna kuimva koma ndiinena: mukadzamwalira ndani adzadziwe? Kuno ngozi za pa M1 ndi ng'ona za mu Shire sizisankha zaka. Akazi anu kapena amuna anu, kapena mwana wamkulu amene ali ndi nzeru, adziwe kuti kabotolo kaja kali pati ndipo nkantchito yanji, ndipo muwaonetse kamodzi mmene amabwezeretsera waleti pogwiritsa ntchito ina yoyeserera yopanda ndalama, kuopa kuti angadzapite nako kwa mnyamata wa pa msika kuti awawerengere.

Chitani zimenezi mvula isanayambe, nthawi yomwe mukukonza madenga ndi kukweza nkhokwe. Kabotolo ka kunyumba kaikeni m'chikwama chomwe chija muli chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana ndi masatifiketi, kuti wayilesi ikadzalengeza kuti Ruo ndi Shire zadzaza tisamukire kumtunda mudzangonyamula chikwama chimodzi.